Mbiri ya Dmitri Mendeleev, Mzime wa ku Siberia

Inu amene mwachokera ku Chanyanya ndi m'midzi ina ya m'boma la Kafue mukulidziwa bwino thumba la feteleza wokulitsa, limene pamimba pake pamalembedwa zilembo zitatu, N, P ndi K. Ambiri a ife tanyamula thumba limeneli zaka ndi zaka osafunsa kumene zilembozo zidachokera. Koma madzulo, ana athu a ku sekondale akayala mabuku awo pamphasa, zilembo zomwezo timazionanso zili m'timabokosi ta mndandanda waukulu umene aphunzitsi amautcha periodic table. Chilembo chilichonse chili ndi manambala awiri, ndipo anawo amakhala kalikiliki kuwerengera mapulotoni, manyutuloni ndi maelekituloni. Mndandanda umenewu uli ndi mwini wake, munthu wa ku Russia dzina lake Dmitri Ivanovich Mendeleev. Chodabwitsa n'chakuti iyeyu adatsikira kulichete asanamvepo za pulotoni kapena nyutuloni, ndipo elekituloni, imene adaimvako ali wokalamba, adaikayikira. Tifuna kukufotokozerani za moyo wake, ndi momwe ntchito ya manja ake idadzamuposera nzeru iye mwini.

Dmitri adabadwa pa 8 February 1834 ku Tobolsk, m'dera lozizira koopsa la Siberia. Adali mzime m'banja la ana oposa khumi. Bambo ake, a Ivan Pavlovich, adali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya m'tauniyo, koma adachita khungu mwanayo ali wakhanda, ndipo ntchito idathera pomwepo. Mtolo wonse udagwera amayi ake, a Maria Dmitrievna. Kuchimuna kwa mayiwa kudali fakitale yakale yopanga magalasi m'mudzi wa Aremzyanka, ndipo iwo adaitenga fakitaleyo naiyendetsa okha kufikira idayamba kudyetsa banja. Dmitri adakulira pambali pa ng'anjo, akupenya mchenga ukusungunuka ndi kusanduka galasi.

Tsoka silinunkha. Bambo ake adamwalira m'chaka cha 1847, ndipo chaka chotsatira fakitale ija idapsa yonse. Mayi wina akadapinda manja nangolira, ndipo palibe akadamudzudzula. A Maria adasonkhanitsa zimene zidatsala, natenga mnyamatayo pamodzi ndi mlongo wake mmodzi, ulendo wa ku Moscow kukamufunira malo pa yunivesite. Mtundawo ngwa makilomita pafupifupi 2,000, wofanana ndi njanji ya TAZARA kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, koma m'masiku amenewo kudalibe njanji yopita ku Siberia. Adayenda pa ngolo za akavalo. Ku Moscow adakanidwa, chifukwa lamulo lidati ophunzira a ku Tobolsk ngoyenera yunivesite ya chigawo china. Mayiwo sadabwerere. Adapitirira mpaka ku St Petersburg, kumene m'chaka cha 1850 mwana wawo adalandiridwa pa sukulu yosula aphunzitsi, yomwenso bambo ake adaphunzirapo. Chaka chomwecho, ntchito imene adadzera itatha, a Maria adamwalira. Patapita zaka 37, Mendeleev ali kale munthu wotchuka, adapereka buku lake lina kuti likhale chikumbutso cha amayi akewo. Ife tikuona kuti wolemba mbiri ya mndandanda uja akaiwala mayi ameneyu ndiye kuti wayambira nkhani pakati.

Adatsiriza maphunziro mu 1855 napata mendulo ya golide, koma thupi lidali litafooka, ndipo madokotala adaganiza kuti ali ndi chifuwa chachikulu. Adamutumiza kukaphunzitsa kummwera, ku Crimea, kumene kuli kofundirako. Adafikako nkhondo ili mkati, sukulu ili yotseka. Komweko dokotala wotchuka wa maopaleshoni, Nikolai Pirogov, adamupima namutsimikizira kuti imfa idakali kutali. Adachiradi, nabwerera ku St Petersburg mu 1856. Kuchokera mu 1859 mpaka 1861 boma lidamutumiza ku Heidelberg, m'dziko la Germany, kukanola luso lake pa sayansi ya kemisitiri.

Pano tiyambe taima pang'ono kuti timvane mawu awiri. Elementi ndi chinthu chimene simungachigawe kuti chitulutse zinthu zina zosiyana, kaya muchiotche, kaya muchisungunule. Mkuwa ndi elementi, chitsulo, golide ndi sulufule chimodzimodzi. Mchere umene asodzi a ku Chanyanya amathira pa nsomba si elementi, pakuti udapangidwa ndi ziwiri, sodium ndi chlorine. Madzi a mu Kafue nawonso ndi hydrogen ndi oxygen zitagwirana. Atomu ndiyo kachidutswa kotsiriza ka elementi, kochepetsetsa kotero kuti diso silingakaone. Akatswiri a masiku a Mendeleev sadathe kuika atomu imodzi pa sikelo, koma adali ndi njira zoyerekezera kulemera kwa atomu ya elementi ina ndi atomu ya hydrogen, imene ndi yopepuka kuposa zonse, naipatsa nambala 1. Vuto lidali lakuti sadamvane. Wina adati oxygen imalemera 8, mnzake nati 16. Mu September 1860 adasonkhana mu mzinda wa Karlsruhe kuti athetse chisokonezocho, ndipo kumeneko Mtaliyana wina, Stanislao Cannizzaro, adaonetsa njira yolondola yopezera kulemera kwa maatomu. Mendeleev, mnyamata wa zaka 26, adali m'gulu la omvera, ndipo adabwerako ndi manambala amene akadatha kuwakhulupirira.

Atabwerera kwawo adapeza umphawi ukumudikira. Adalemba buku la ophunzira m'miyezi yowerengeka, bukulo nilipata mphoto ya Demidov mu 1862, ndipo chaka chomwecho adakwatira Feozva Leshcheva. Mu 1865 adagula munda ku Boblovo, pafupi ndi tauni ya Klin, kumene adayesa mitundu ya feteleza pa mbewu, nayeza zokolola za chigawo chilichonse cha mundawo. Alimi athu amene adaonapo minda yachitsanzo ya alangizi akadamvana naye msanga. Mu 1867 adakhala pulofesa wa kemisitiri pa yunivesite ya St Petersburg, ndipo posapeza buku loyenera m'chiyankhulo cha kwawo, adayamba kulemba lake.

Bukulo ndilo lidamupanikiza. Maelementi odziwika panthawiyo adalipo 63, ndipo mphunzitsi adayenera kusankha kuti ayambe ndi iti, atsatize iti, kuti ophunzira asangoloweza ngati nyimbo. Adadziwa kuti ena amafanana makhalidwe monga ana a mimba imodzi. Lithium, sodium ndi potassium onse ndi zitsulo zofewa zimene zimalusa zikakhudza madzi; fluorine, chlorine, bromine ndi iodine nawo ali ndi mtima wawo umodzi. Pa 1 March 1869 Mendeleev adayenera kunyamuka kupita ku dera la Tver kukayendera alimi opanga tchizi. M'malo mokwera sitima adakhala pa tebulo, nayamba kulemba zilembo ndi manambala kuseri kwa kalata imene adalandira yokhudza ulendowo. Pofika madzulo adali atayala maelementi onse kuyambira wopepuka kunka kwa wolemera, naona kuti makhalidwe amabwereza. Zili ngati kalendala: masiku amayenda 1, 2, 3 mpaka mwezi kutha, koma mukawadula m'mizere ya masiku asanu ndi awiri, Lolemba lililonse limagwera pansi pa Lolemba linzake. Momwemo sodium idagwera m'banja la lithium, potassium nigwera m'banja la sodium. Patapita masabata awiri, mnzake Nikolai Menshutkin adawerenga zimenezi pamaso pa bungwe la akatswiri a kemisitiri a ku Russia, mwini wake ali kwa alimi a tchizi aja.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo sitinganene kuti Mendeleev adali yekha. John Newlands wa ku England adaona kubwereza kotereku mu 1865, anzake namuseka. Lothar Meyer wa ku Germany adayala mndandanda wofanana kwambiri, kotero kuti mu 1882 bungwe la Royal Society la ku London lidapatsa Meyer ndi Mendeleev mendulo imodzi ya Davy. Chimene chidasiyanitsa munthu wa ku Siberiayu ndi kulimba mtima. Pamene elementi yotsatira sidagwirizane ndi banja limene idagweramo, iye sadaikakamize. Adasiya malowo opanda kanthu, nati mwini malo alipo koma sadapezeke. Pamene kulemera kwa elementi kudasokoneza dongosolo, adanena poyera kuti opima ndiwo adalakwa. Uranium, imene onse ankati imalemera 120, iye adaiika pa 240, ndipo adalondola. Mu 1871 adafika pofotokoza maelementi atatu amene munthu aliyense adali asanawaonepo: kulemera kwake, maonekedwe ake, ndi momwe adzachitire akakumana ndi asidi. Kumeneku kudali kuika khosi pa mpeni. Akadaphonya, dzina lake likadasanduka nthabwala m'mayunivesite onse a ku Ulaya.

Padapita zaka zinayi kuli zii. Mu 1875 Mfalansa wina, Paul-Émile Lecoq de Boisbaudran, adapeza chitsulo chatsopano nachitcha gallium, nalengeza kuti chimalemera kuposa madzi ka 4.7. Mendeleev, amene chitsulocho adali asanachikhudze ngakhale kuchiona, adalemba kalata ku Paris yonena kuti ameneyu ndi mmodzi wa atatu aja, ndipo kuti nambala yoona iyenera kukhala pafupi ndi 5.9. Taganizani mlenje wapha nyama, wina ali kutali nkumuuza kuti wailakwitsa kulemera. Mfalansayo sadakondwe, koma adayeretsa chitsulo chake napimanso, ndipo adapeza 5.9. Mu 1879 Lars Fredrik Nilson wa ku Sweden adapeza wachiwiri, scandium. Wachitatu adapezeka mu 1886 m'manja mwa Clemens Winkler wa ku Germany, amene adamutcha germanium. Mendeleev adati atomu yake idzalemera 72. Lero mabuku a ana athu amalemba 72.6. Kuyambira pamenepo otsutsa adachepa.

Kutchuka sikudamusandutse munthu wofatsa. Adali waukali, wofulumira kukalipa, ndipo tsitsi ndi ndevu ankameta kamodzi pachaka. Pofuna kupumitsa mutu ankasoka masutikesi ndi manja ake. Adalangiza boma pa nkhani za mafuta a pansi, napita ku Pennsylvania mu 1876 kukaona momwe Amereka amakumbira. Mu August 1887, ali ndi zaka 53, adakwera yekha m'chibaluni ku Klin kuti akaone kadamsana pamwamba pa mitambo, chifukwa chibalunicho chidanyowa ndi mvula ndipo sichikadanyamula anthu awiri. Pa za banja sitimuyamikira: mu 1882 adasudzula mkazi wake woyamba nakwatira mtsikana, Anna Popova, osadikira zaka zimene mpingo wa kwawo udalamula, ndipo wansembe amene adadalitsa ukwatiwo adachotsedwa pa udindo. Bungwe lalikulu la sayansi la ku Russia lidamukana umembala wathunthu mu 1880. Mu 1890 ophunzira a pa yunivesite adalemba madandaulo awo, iye navomera kukawapereka kwa nduna ya maphunziro, Ivan Delyanov. Ndunayo idabweza pepalalo ndi chidzudzulo, ndipo Mendeleev adatula pansi ntchito imene adaigwira zaka zoposa 30. Kuyambira 1893 adayang'anira ofesi ya boma ya masikelo ndi miyeso.

M'zaka zake zotsiriza sayansi idayamba kumuthawa. Mpweya wa argon utapezeka mu 1894, iye poyamba adakana kuti ndi elementi, chifukwa adalibe malo oukhazika. Pambuyo pake adavomera kuti mndandanda uonjezedwe banja latsopano. Mu 1897 J. J. Thomson adapeza elekituloni, kanthu kochepa kuposa atomu kochokera m'kati mwa atomu momwemo. Kwa Mendeleev zimenezi zidali zowawa, pakuti nyumba yake yonse adaimanga pa chikhulupiriro chakuti atomu sigawika ndipo elementi sisanduka inzake. Adalosera maelementi enanso amene sadapezeke mpaka lero chifukwa kulibe. Ndipo padali minga ina imene sadathe kuizula. Tellurium imalemera kuposa iodine, koma makhalidwe ake amafuna kuti ikhale patsogolo. Iye adaiika patsogolo, nalimbikira kunena kuti opima alakwitsa. Ulendo uno opima sadalakwe. Malo adali oona, koma chifukwa chimene iye adapereka chidali cholakwa. Mu 1906 komiti ya mphoto ya Nobel idamusankha, koma akuluakulu a bungwelo adatembenuza chisankho napatsa Henri Moissan. Mendeleev adamwalira pa 2 February 1907 ku St Petersburg, atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 73. Pa ulendo wa kumanda ophunzira adanyamula mndandanda wake m'mwamba patsogolo pa khamu la anthu.

Yankho la minga ija lidabwera iye atagona kale. Mu 1911 Ernest Rutherford adaonetsa kuti atomu ili ndi njere pakati, ndipo maelekituloni amakhala kunja kwake. Mu 1913 mnyamata wa ku England, Henry Moseley, adapima maelementi ndi kuwala kwa ekisire, napeza kuti mphamvu ya magetsi ya m'njereyo imakwera ndi imodzi imodzi kuchokera pa bokosi lina kupita pa lotsatira. Nambala ya bokosi, tsono, si nambala ya mpando chabe. Ndi chiwerengero cha timbewu ta m'njere timene pambuyo pake tidatchedwa mapulotoni. Tellurium ili ndi 52, iodine 53, ndipo mlandu udathera pomwepo. Moseley adaphedwa pa nkhondo ku Gallipoli mu August 1915 ali ndi zaka 27 zokha. Mu 1932 James Chadwick adapeza nyutuloni, yolemera ngati pulotoni koma yopanda mphamvu ya magetsi, ndipo apa mpamene zidamveka chifukwa chake elementi ya mapulotoni ochepa ingathe kulemera kuposa inzake: imakhala itasenza manyutuloni ambiri.

Tibwerere tsopano ku thumba lathu la feteleza, tiwerenge pamodzi ndi ana. Chilembo N ndi nayitrojeni, mpweya umene udapereka dzina ku fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene idayamba kupanga feteleza ku Kafue mu 1970. M'bokosi lake muli 7 ndi 14. Nambala yaing'ono ndiyo ya mapulotoni, 7, ndipo atomu yokhala payokha ili ndi maelekituloni ofanana ndi mapulotoni ake, 7. Nambala yaikulu ndi mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi. Tikachotsa 7 pa 14 titsala ndi manyutuloni 7. P ndi phosphorus: 15 ndi 31, kutanthauza mapulotoni 15, maelekituloni 15, manyutuloni 16. K ndi potassium: 19 ndi 39, manyutuloni 20. Tichenjezane pano kuti manambala 10, 20 ndi 10 a pa thumba la D Compound ndi nkhani ina. Amenewo amanena kuchuluka kwa chakudya cha mbewu m'thumbamo, osati mapulotoni.

Mkuwa umene dziko la Zambia limadziwika nawo umasokoneza ana ambiri, chifukwa m'bokosi lake muli 29 ndi 63.5, ndipo theka la nyutuloni kulibe. Chinsinsi n'chakuti maatomu a mkuwa ali a mitundu iwiri. Onse ali ndi mapulotoni 29, apo ayi sakadakhala mkuwa. Koma pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 69 ali ndi manyutuloni 34, ndipo 31 ali ndi 36. Nambala 63.5 ndi ya pakati pa mitundu iwiriyo. Maelekituloni nawo amatha kusamuka. Mu mchere uja wa asodzi, sodium ya mapulotoni 11 idapereka elekituloni imodzi nitsala ndi 10, chlorine ya mapulotoni 17 idalandira nikhala ndi 18, ndipo kukokana kwa ziwirizi ndiko kumagwira mchere pamodzi. Sodium imapereka imodzi chifukwa ili ndi elekituloni imodzi yokha kunja kwenikweni. Lithium ndi potassium chimodzimodzi. Apa ndipo pagona kufanana kwa ana a mimba imodzi kumene Mendeleev adakuona osadziwa gwero lake.

Minga ina ya mtundu wa tellurium ili m'nthaka yathu yomwe ino. Cobalt adakumbidwa zaka zambiri pamodzi ndi mkuwa ku Copperbelt, ndipo nickel adayamba kukumbidwa mu 2008 ku mapiri a Munali, pa njira yochokera ku Kafue kupita ku Mazabuka. Mu mndandanda wa 1871 Mendeleev adapatsa zitsulo ziwirizi kulemera kumodzi, 59, naika cobalt patsogolo. Masikelo abwino atabwera adaonetsa kuti cobalt ndi 58.9 pamene nickel ndi 58.7, kotero kuti potsata lamulo la kulemera nickel akadayenera kutsogola. Moseley atapima adapeza cobalt 27, nickel 28. Cobalt amalemera chifukwa ali ndi manyutuloni 32, pamene maatomu ambiri a nickel ali ndi 30.

Mabokosi a mndandanda lero afika 118, ndipo mayina anayi otsiriza adavomerezedwa mu 2016. Bungwe la United Nations lidapatula chaka cha 2019 kukumbukira zaka 150 za ntchito ya pa 1 March ija. Koma ulemu waukulu udadza mu 1955 ku Berkeley, m'dziko la Amereka, pamene Albert Ghiorso, Glenn Seaborg ndi anzawo adapanga elementi yatsopano poombera elementi ina ndi njere za helium, ntchito yosandutsa elementi imene Mendeleev sadaikhulupirire kuti ingatheke. Adapeza maatomu 17 okha. Ngakhale Amereka ndi Russia adali pa chidani chachikulu m'zaka zimenezo, adaitcha mendelevium. Mwana wanu akakuonetsani mndandanda, muyang'ane pansi, pa mzere wotsiriza, bokosi la zilembo Md. Nambala yake ndi 101, ndipo maatomu oyamba aja adalemera 256: mapulotoni 101 ndi manyutuloni 155.